Kodi 4,294,967,297 ndi nambala ya mtundu wanji?

Ndalandira imelo kuchokera kwa aphunzitsi ena a masamu amene amawerenga zolemba zanga, ndipo funso lawo lonse lagona pa nambala imodzi. Alemba motere: "Ndayesa kugawa 4,294,967,297 ndi 3, 7, 11, 13 ndi nambala zonse za prime mpaka 97, koma palibe imene yalowa popanda chotsala. Komabe ndauzidwa kuti nambalayi si prime, kuti ili m'gulu la nambala zoperewera, ndiponso kuti ndi nambala ya Fermat. Kodi zimenezi zimadziwika bwanji, nanga nambala yaikulu chotere munthu amaiika m'magulu poyang'ana chiyani?"

Aphunzitsi, amene anakuuzaniyo sananame. Nambalayi si prime (prime ndi nambala yoposa 1 imene imagawika ndi 1 ndi iyo yokha basi), chifukwa imapezeka pochulukitsa 641 ndi 6,700,417, ndipo mukhoza kutsimikiza nokha ndi pensulo. Mukachulukitsa 6,700,417 ndi 600 mupeza 4,020,250,200, mukaichulukitsa ndi 41 mupeza 274,717,097, ndipo ziwirizi mukaziphatikiza zikupatsani ndendende 4,294,967,297. Pa funso lanu lachiwiri, yankho langa ndi lakuti kukula kwa nambala sikutiuza kanthu za mtundu wake. Chimene chimatiuza ndi mafakitala ake a prime, ndiko kuti nambala za prime zimene zikachulukitsana zimabereka nambalayo, ndipo magulu ambiri amene akatswiri a masamu amawalemekeza amachokera pamenepo.

Tiyambe ndi chifukwa chimene kuyesa kwanu sikunabale zipatso. Nambala za prime kuyambira 2 mpaka 97 zilipo 25, ndipo kuziyesa zonse kumakwanira pa nambala iliyonse yosafika 10,000, koma yanuyi ndi yopitirira mabiliyoni anayi. Lamulo lake ndi lakuti ngati nambala ili ndi mafakitala awiri ochulukitsana, n'kosatheka kuti onse awiri aposeretu nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yokha imafika pa nambala yathuyo, chifukwa akatero zotsatira zake zidzapitirira. Pano malirewo ndi 65,536, popeza 65,536 kuchulukitsa ndi 65,536 ndi 4,294,967,296, imene yangochepa ndi 1 pa nambala yanu. Choncho munthu wofuna kunena motsimikiza kuti nambalayi ndi prime pogwiritsa ntchito kugawa kokha ayenera kuyesa nambala zonse za prime zosafika 65,536, ndipo zimenezo zilipo 6,542. Mwayi wake ndi wakuti 641 ndi prime ya nambala 116 pamndandanda, motero mukanapirira mukanaipeza musanapite patali kwenikweni.

Njira zachidule zimene timaphunzitsa ana sizithandiza zambiri pano. Nambalayi ikuthera ndi 7, choncho 2 ndi 5 salowamo. Madijiti ake akaphatikizidwa akupereka 59, ndipo popeza 3 salowa mu 59, ndiye kuti 3 ndi 9 salowanso m'nambala yonseyo. Kupitirira apo pamafunika kuyang'ana kapangidwe kake.

Kapangidweko ndi aka: 4,294,967,297 ndi 2³² + 1, kutanthauza ma 2 okwana 32 ochulukitsana, kenako n'kuwonjezerapo 1. Ili m'mndandanda umene umayamba ndi 3, ndipo nambala yotsatira iliyonse imapezeka pochotsa 1 pa yam'mbuyo, kuchulukitsa chotsalacho ndi icho chokha, n'kubwezerapo 1. Kuchokera pa 3 timafika pa 5, kenako 17, kenako 257, kenako 65,537, ndipo yachisanu ndi chimodzi ndi yanuyi, ngakhale kuti amailemba F5 chifukwa kuwerenga kumayambira pa F0. Nambala za mndandandawu ndizo zimatchedwa nambala za Fermat, ndipo zisanu zoyambirirazo zonse ndi za prime. Pierre de Fermat, loya wa ku Toulouse m'dziko la France amene ankachita masamu pa nthawi yake yopuma, ataona zimenezi analembera anzake m'chaka cha 1640 kuti akukhulupirira kuti nambala zonse za mndandandawu ndi za prime, ngakhale anavomereza kuti umboni wokwanira analibe. Mawu akewo anakhala osatsutsidwa kwa zaka pafupifupi 90. M'chaka cha 1729 Christian Goldbach anatchula nkhaniyi m'kalata yopita kwa Leonhard Euler, yemwe pa nthawiyo ankagwira ntchito ku St. Petersburg, ndipo mu 1732 Euler, ali ndi zaka 25, anaonetsa kuti 641 amalowa m'nambalayi popanda chotsala.

Euler sanafunike kuyesa nambala zikwizikwi. Iye anaonetsa kuti prime iliyonse yolowa mu 2³² + 1 iyenera kukhala yoposa ndi 1 nambala ina yogawika ndi 64. Zoterezi ndi 65, 129, 193, 257, 321, 385, 449, 513, 577, 641 ndi zina zotsatira, ndipo tikachotsapo zimene si za prime timatsala ndi 193, 257, 449, 577 ndi 641. Ntchito imene inkaoneka ngati yosatha yasanduka kugawa kasanu kokha. Mu 1878 Édouard Lucas anaonetsa kuti m'malo mwa 64 tikhoza kugwiritsa ntchito 128, ndipo tikatero 641, amene ndi 5 kuchulukitsa ndi 128 n'kuwonjezera 1, amakhala prime yachiwiri kuyesedwa, pambuyo pa 257. Lamulo lomweli ndi limene limatitsimikizira mosavuta kuti 6,700,417 nayonso ndi prime. Malire ake oyesera ndi 2,588, ndipo nambala za prime zosapitirira pamenepo zimene zili ndi maonekedwe ofunikawo ndi zisanu zokha, 257, 641, 769, 1,153 ndi 1,409. Palibe ndi imodzi yomwe imene imalowa mu 6,700,417.

Pali umboni wina umene ine ndimaukonda koposa, chifukwa ophunzira a ku sekondale akhoza kuutsatira pabolodi popanda kugawa nambala yaikuluyo n'komwe. Wagona pa mfundo yakuti 641 amalembeka m'njira ziwiri, monga 625 + 16 komanso monga 640 + 1. Choyamba tengani 268,435,456, amene ndi ma 2 okwana 28 ochulukitsana, ndipo mumuchulukitse ndi 641. Mbali ya 625 ikupatsani 167,772,160,000, mbali ya 16 ikupatsani 4,294,967,296, ndipo zonse pamodzi ndi 172,067,127,296, nambala imene 641 amalowamo mosakayikitsa popeza ndife tomwe taipanga pochulukitsa ndi iye. Chachiwiri, onani kuti 167,772,160,000 yemweyo ndi ma 640 anayi ochulukitsana, kapena kuti 409,600 kuchulukitsa ndi 409,600. Mukachotsapo 1 mutsala ndi 167,772,159,999, amene ndi 409,599 kuchulukitsa ndi 409,601, ndipo 409,599 ndi 639 kuchulukitsa ndi 641. Choncho 641 amalowanso m'nambala yachiwiriyi. Tsono nambala ikamalowa mu zina ziwiri, imalowanso m'kusiyana kwa ziwirizo, ndipo 172,067,127,296 kuchotsa 167,772,159,999 ndi 4,294,967,297. Umboni wathera pomwepo.

Mafakitala a prime akadziwika, magulu ena onse amabwera okha. Nambala yanu ili ndi mafakitala anayi basi, omwe ndi 1, 641, 6,700,417 ndi iyo yomwe. Chifukwa chakuti yapangidwa ndi nambala ziwiri zokha za prime, imatchedwa semiprime, monga mmene zilili 15, 21 ndi 35. Ilinso m'gulu la nambala zimene mulibe prime yobwerezedwa, mosiyana ndi 12 amene ali ndi 2 kawiri.

Za kuperewera, kugawa nambala m'magulu atatu a zoperewera, zangwiro ndi zosefukira n'kwakale kwambiri, ndipo Nicomachus wa ku Gerasa anakufotokoza cha m'ma 100 AD. Munthu amatenga mafakitala onse a nambala kupatula iyo yomwe, n'kuwaphatikiza. A 6 ndi 1, 2 ndi 3, amene amapereka 6 yemweyo, choncho 6 ndi wangwiro, monganso 28, 496 ndi 8,128. A 12 ndi 1, 2, 3, 4 ndi 6, amene amapereka 16, choncho 12 ndi wosefukira. A 10 ndi 1, 2 ndi 5, amene amangofika pa 8, choncho 10 ndi woperewera. Pa nambala yanu, 1 ndi 641 ndi 6,700,417 akaphatikizidwa ndi 6,701,059, yomwe ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi mabiliyoni anayi. Kunena zoona, dzina lakuti yoperewera silipatsa nambala ulemu wapadera, chifukwa pafupifupi nambala zitatu mwa zinayi zilizonse ndi zoperewera, kuphatikizapo prime iliyonse. Zangwiro ndizo zosowa: pambuyo pa 8,128 pamabwera 33,550,336, ndipo yotsatira ndi 8,589,869,056, yomwe ndi pafupifupi kuwirikiza kawiri nambala yanu.

Kuti muone bwino kuti kukula sikunena kanthu, yang'anani nambala ziwiri zimene zili pambuyo pake penipeni, 4,294,967,296 ndi 4,294,967,295. Zitatuzi zimasiyana pa dijiti yomaliza yokha, ndipo munthu woziwerenga mofulumira angaganize kuti ndi nambala imodzi, koma mkati mwake n'zosiyana kotheratu.

Yapakatiyo, 4,294,967,296, ili ndi prime imodzi yokha, 2, wobwerezedwa maulendo 32. Mafakitala ake alipo 33, kuyambira 1, 2, 4, 8 mpaka iyo yomwe. Ndi sikweya ya 65,536, ndiko kuti 65,536 kuchulukitsa ndi iyo yokha, komanso ndi ma 256 anayi ochulukitsana, ndiponso ma 16 asanu ndi atatu ochulukitsana. Mafakitala ake kupatula iyo yomwe akaphatikizidwa amapereka 4,294,967,295, kutanthauza kuti imaphonya ungwiro ndi 1 yekha, ndipo chiwerengero chimene chatulukacho ndi nambala yoyandikana nayo kumunsi. Khalidwe limeneli ndi la nambala zonse zopangidwa ndi ma 2 okhaokha, monga 8 amene mafakitala ake 1, 2 ndi 4 amapereka 7, ndipo mpaka lero sipanapezeke nambala ya mtundu wina imene imaperewera ndi 1 chimodzimodzi.

Yam'munsiyo, 4,294,967,295, ndiyo yolemera koposa pa mafakitala a prime osiyanasiyana. Imapezeka pochulukitsa 3, 5, 17, 257 ndi 65,537, zomwe ndi nambala zisanu zija za Fermat zimene zili za prime. Kuchulukitsako kumayenda mokongola: 3 ndi 5 apereka 15, amene ndi 17 apereka 255, amene ndi 257 apereka 65,535, ndipo ameneyu ndi 65,537 apereka 4,294,967,295, moti pa sitepe iliyonse zotsatira zimachepa ndi 2 pa nambala ya Fermat yotsatira. Popeza prime iliyonse mwa zisanuzo tikhoza kuitenga kapena kuisiya popanga fakitala, mafakitala onse alipo 32. Ngakhale ndi ochuluka chotero, akaphatikizidwa kupatula nambalayo amangofika pa 3,009,636,033, choncho nayonso ndi yoperewera. Zimenezi sizodabwitsa kwenikweni, chifukwa nambala zosagawika ndi 2 zimavuta kusefukira, ndipo yoyamba kutero ndi 945.

Kusiyana kwa 2 kumene ndatchulaku kuli ndi phindu lalikulu. Nambala yanu ndi 4,294,967,295 kuwonjezera 2, motero 3, 5, 17, 257 ndi 65,537 aliyense akaigawa amasiya chotsala 2. Ndiye kuti panalibe chifukwa choyesera 257 pamndandanda wa Euler uja. Mfundo yomweyi imagwira ntchito pa nambala zonse za Fermat: palibe ziwiri zimene zimagawana fakitala yoposa 1. Goldbach anaona zimenezi mu 1730, ndipo zimapereka umboni wachidule wakuti nambala za prime sizitha, popeza nambala ya Fermat iliyonse, kaya ndi prime kaya si prime, imabweretsa prime yakeyake imene sinaonekepo mwa zinzake zam'mbuyo.

Nambala 4,294,967,295 ili ndi malo akenso pa masamu a zojambula. Kuyambira nthawi ya Euclid anthu ankadziwa kujambula, ndi rula yopanda zizindikiro ndi kampasi zokha, chithunzi cha mbali zitatu zofanana, cha mbali zisanu ndi cha mbali 15, koma cha mbali 7 ndi cha mbali 9 zinkakanika. Mu 1796 Carl Friedrich Gauss, ali ndi zaka 18, anaonetsa kuti cha mbali 17 n'chotheka, ndipo mu 1801 anafotokoza lamulo lonse, limene mbali yake yotsala inatsimikizidwa ndi Pierre Wantzel mu 1837. Lamulolo likuti, ngati chiwerengero cha mbali sichigawika ndi 2, chithunzicho chimatheka pokhapokha chiwerengerocho chitapangidwa ndi nambala za Fermat zimene zili za prime, iliyonse yosabwerezedwa. Popeza zodziwika ndi zisanu, zithunzi zoterezi zodziwika zilipo 31, ndipo chachikulu pa zonse ndi cha mbali 4,294,967,295. Cha mbali 4,294,967,297 sichitheka, chifukwa 641 si nambala ya Fermat.

Gulu lina limene nambala yanu ilimo likufunika kusamala nalo, makamaka kwa ogwiritsa ntchito kompyuta poyesa nambala. Fermat yemweyo, m'chaka chomwecho cha 1640, ananena mfundo ina yoona yakuti ngati p ndi prime yosalowa m'nambala ina, ndiye kuti nambala inayo ikachulukitsana ndi iyo yokha maulendo ochepa ndi 1 pa p, zotsatira zake zikagawidwa ndi p zimasiya chotsala 1. Mwachitsanzo, ma 2 asanu ndi mmodzi ochulukitsana ndi 64, ndipo 64 akagawidwa ndi 7 amasiya 1. Vuto ndi lakuti pali nambala zina zosakhala za prime zimene zimakhoza mayeso amenewa, ndipo yaing'ono pa zonse, tikamayesa ndi 2, ndi 341, amene ndi 11 kuchulukitsa ndi 31. Nambala zoterezi zimatchedwa pseudoprime, ndipo 4,294,967,297 ndi imodzi mwa izo. Chifukwa chake n'chosavuta: 2³² amangochepa ndi 1 pa nambalayi, choncho 2⁶⁴ akagawidwa nayo amasiya 1, ndipo popeza 64 amalowa mu 4,294,967,296, mayeso onse amathera pa 1. Munthu woyesa ndi 2 yekha anganyengedwe n'kulengeza kuti wapeza prime. Akayesa ndi 3 chinyengocho chimaonekera, ndipo ntchito yake si yoopsa monga ikumvekera, chifukwa imangofuna kuchulukitsa chotsala ndi icho chokha n'kugawanso, maulendo 32. Théophile Pépin anakonza njira imeneyi mu 1877 kukhala mayeso otsimikizika a nambala za Fermat. Onani kuti mayeso otere amatiuza kuti nambala si prime koma satiuza fakitala yake, moti kudziwa kuti nambala imagawika ndi kudziwa chimene chimaigawa ndi mafunso awiri osiyana.

Chizindikiro china chakuti si prime chimaoneka pa masikweya. Prime imene imasiya 1 ikagawidwa ndi 4 imalembeka ngati kuphatikiza kwa masikweya awiri m'njira imodzi yokha, monga 13 amene ndi 9 + 4. Nambala yanu ndi sikweya ya 65,536 kuwonjezera sikweya ya 1, koma ndi sikweyanso ya 62,264, yomwe ndi 3,876,805,696, kuwonjezera sikweya ya 20,449, yomwe ndi 418,161,601. Njira ziwirizo pa zokha ndi umboni wokwanira.

Pali magulu ena amene ndikulangizani kuti musawapatse kulemera kofanana ndi amene ndafotokozawa, ndipo ndi onse odalira madijiti: kuchuluka kwa madijiti, zimene amapereka akaphatikizidwa, kapena ngati nambala imawerengeka chimodzimodzi kuchokera kumapeto. Zimenezi zimafotokoza kalembedwe kathu kodalira 10, osati nambala yeniyeniyo. M'kalembedwe kathu 4,294,967,297 imaoneka ngati madijiti 10 osakanikirana mwachisawawa, koma m'kalembedwe ka kompyuta ka 0 ndi 1 ndi dijiti 1, kenako ma 0 okwana 31, kenako 1 wina, ndipo imawerengeka chimodzimodzi mbali zonse ziwiri. Pamenepo 4,294,967,295 ndi ma 1 okwana 32, n'chifukwa chake ndiyo nambala yaikulu koposa imene imakwana m'malo a mabiti 32 (biti ndi dijiti imodzi ya 0 kapena 1), ndipo maadiresi a intaneti a mtundu wa IPv4 sangapitirire 4,294,967,296. Kalembedwe kakasintha, makhalidwe a madijiti amasintha, koma 641 amalowabe m'nambala yanu kaya mwailemba motani.

Ngati mukufuna kuti ophunzira anu aziika okha nambala zazikulu m'magulu, ayambe ndi kufunsa ngati nambalayo yayandikana ndi sikweya kapena ndi ma 2 ochulukitsana, chifukwa kapangidwe kotero kamachepetsa mafakitala oyenera kuyesedwa. Pokhapokha atapeza mafakitala a prime ndi pamene awerengere kuchuluka kwa mafakitala onse ndi kuwaphatikiza. Sitepe yopeza mafakitalayo ndiyo yovuta, ndipo kuvuta kwake kumakula msanga nambala ikamakula, mpaka njira yobisira mauthenga ya RSA, imene inatulukira mu 1977, imadalira mfundo yakuti semiprime ya madijiti mazanamazana ndi yosavuta kupanga koma yovuta zedi kuphwanya.

Mndandanda wa Fermat umasonyeza kuvutako bwino lomwe. Nambala yotsatira pambuyo pa yanu, F6, ndi 18,446,744,073,709,551,617, ndipo Fortuné Landry analengeza mu 1880 kuti 274,177 amalowamo. F7 inadikira mpaka 1970, pamene Michael Morrison ndi John Brillhart anaiphwanya pogwiritsa ntchito kompyuta. Zimene mafakitala ake onse akudziwika zikulekeza pa F11. Kuyambira F5 mpaka F32 zonse zatsimikizidwa kuti si za prime, ndipo mwa izo F20 ndi F24 zinadziwika kudzera m'mayeso a Pépin popanda fakitala ngakhale imodzi kupezeka. Yoyamba imene mtundu wake sunagamulidwe ndi F33, yomwe ili ndi madijiti oposa mabiliyoni awiri ndi theka, ndipo pambuyo pa 65,537 sipanapezekenso nambala ya Fermat imene ili prime.